Foni yafupikitsa mtunda wa ku Joni, koma mboni zatsala kuti?

Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, ulendo wa ku Joni si nkhani yachilendo. Agogo athu a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota anapita kumigodi kudzera ku Wenela, ena pambuyo pake ku Theba. Mu April 1974 ndege yomwe inanyamula anthu ochokera kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anathera pomwepo. Dr Kamuzu Banda analetsa zolemba anthu ntchito za kumigodi. Zinadzayambiranso patapita zaka zingapo, kenako n'kutheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Koma phazi silinaleke kuloza kummwera. Lero adzukulu a anthu aja ndi amene adzaza m'mashopu, m'magalaja ndi m'nyumba za mabwana ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town.

Ulendo udakali womwewo. Chimene chasintha ndi njira imene mawu ndi ndalama zimadzera pobwera kumudzi. Kale kalata inkatenga masabata, ndipo ikafika, mayi wosadziwa kuwerenga ankaitana mwana wa sukulu kapena mwalimu kuti amuwerengere. Ndiye kuti mawu a mwamuna wake amvedwa ndi munthu wachitatu. Ndalama zinkabwera m'thumba la mnzake wobwerera kumudzi, yemwe ankaziwerenga pakhonde apongozi ali pomwepo. Njinga, wailesi ndi mabulangete zinkatsika basi mudzi wonse ukuona. Zinali zotopetsa, chifukwa panalibe chinsinsi ndipo opempha ankafika tsiku lomwelo. Komabe aliyense wa anthu amenewa anali mboni, ngakhale mwini wake sankadziwa. Pakabuka mkangano, panali anthu oti n'kuwaitana.

Airtel Money inayamba kuno mu 2012, TNM Mpamba mu 2013. Onjezeranipo Mukuru ndi WhatsApp, ndipo muona kuti m'zaka khumi ndi zochepa zokha zonse zija zatha. Tisabise, zabwino zake ndi zambiri, Alhamdulillah. Mwana akadwala usiku ku Makanjira, ndalama ya mayendedwe imafika pasanathe ola. Bambo amene ali ku Durban amaona pa vidiyo mwana wake akuyamba kuyenda, ndipo amamva yekha akuwerenga Surah yake yoyamba. Uthenga wa maliro sudikiranso munthu wa panjinga. Amene anganene kuti titaye mafoni ndiye kuti sanakhalepo ndi m'bale kutali.

Nkhawa yanga ili pena. Zinthu zimene kale zinkadutsa m'manja mwa anthu anayi kapena asanu, lero zikungodutsa pakati pa anthu awiri ndi makina a kampani. Pomwe chipembedzo chathu chinaika mboni pa mfundo zikuluzikulu za moyo. Nikah siimangika popanda mboni. Mwezi wa Ramadhan ndi wa Eid timaulandira ndi umboni wa anthu olungama amene auona, osati ndi uthenga woti "akuti waoneka" umene wayendayenda m'magulu. Ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an yolemekezeka, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, sikamba za swala kapena swaumu. Ikukamba za ngongole: kuti ilembedwe, nthawi yobweza idziwike, ndipo paikidwe mboni. Allah amadziwa kuti anthu okondana amaiwala, amafa, ndipo amasintha mtima.

Tiyambe ndi ndalama, poti ndi pamene abale ambiri akuleka kulonjerana. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, nkhani ya mtengo wosinthira randi inafika pakamwa pa aliyense, ngakhale agogo. Ambiri amasiya njira zovomerezeka n'kumapereka ma randi kwa munthu wina ku Joni, yemwe amauza mnzake kuno kuti atumize makwacha pa foni. Mtengo wake umakoma, koma palibe risiti, palibe ofesi, ndipo lamulo silidzakhala kumbali yanu. Munthuyo akazimitsa foni, nkhani yathera pomwepo.

Ngakhale ndalama zitadutsa njira yoyenera, pali chinthu chimodzi chimene makina salemba. Uthenga wa kampani umanena kuti ndalama zakuti zachoka kwa uje kupita kwa uje, tsiku lakuti, nthawi yakuti. Sunena kuti ndalamazo ndi za chiyani. Kodi ndi ngongole? Ndi mphatso? Ndi zakaat yoti igawidwe kwa osauka a m'mudzi? Ndi za ndiwo za ana, kapena za simenti? Mnyamata amatumiza ndalama zaka zinayi kwa mkulu wake kuti ammangire nyumba, namalandira zithunzi za khoma likukwera. Tsiku lobwera amapeza maziko okha, kapena amapeza nyumba ilipo koma malo analembetsa m'dzina la wina. Nkhani ikafika kwa sheikh kapena kwa amfumu, mkulu uja sakana kuti ankalandira. Amangoti, "Munkatithandiza ngati abale anu, za nyumba munanena liti?" Mawu aja ananenedwa pa foni usiku, anthu awiri okha. Ma voice note anapita ndi foni imene inabedwa. Woweruza amangogwira chibwano.

Sikuti nthawi zonse wolakwa amakhala wa kumudzi. Alipo amene amatumiza pang'ono n'kumawerengera zambiri, osadziwa kuti thumba la simenti linakwera kangati chichokereni iwo. Mlamu amene wathera miyezi akuyang'anira amisiri popanda malipiro amadzatchedwa wakuba. Pepala limodzi ndi mboni ziwiri zikanateteza onse awiri.

Pa doko nawo zinthu zasintha. Foni yathandiza kwambiri: mwini chilimira ku Msaka kapena ku Senga Bay amadziwa mtengo wa usipa ku Limbe asanagulitse, ndipo wamalonda sayendanso ndi chikwama cha ndalama usiku. Koma taganizirani za alovi. Kale wogula ankabwera yekha pamchenga, kuwerenga zigoba ndi kuwerenga ndalama onse akuona, ndipo aliyense ankadziwa gawo lake asanauzidwe. Lero malonda akhoza kuthera pa foni ya bwana, ndalama n'kulowa mu nambala yake, ndipo amene anagona panyanja amangomva kuti "sizinayende bwino". Mwina akunena zoona. Koma bwana woopa Allah sangataye kanthu poonetsa anyamata ake uthenga wa ndalamazo, ndipo kukana kuuonetsa n'kumene kumabala kukaikirana.

Mbava nazo zinaphunzira msanga kuti banja la ku Joni limakhala likudikira foni. Uthenga wake tonse tikuudziwa: katundu wanu wafika pa boda ya Mwanza kapena Dedza, tumizani ndalama mwachangu kuti asalandidwe. Kapena uja woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Apolisi akhala akunena kuti ena mwa mauthengawa amachokera kwa akaidi a kundende ya Zomba. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zina wakubayo amadziwa dzina lanu ndi la m'bale wanu. Amazitenga kuti? Ifeyo ndi amene timazimwaza. Timalengeza pa Facebook kuti katundu wanyamuka. Timatchula nambala mokweza kwa ejenti anthu ali pamzere. Timasiya fotokope ya chiphaso cha unzika paliponse pamene atipempha.

Chiphaso chimenechi si pepala wamba. Mu 2017 bungwe la NRB linalemba m'kaundula anthu oposa 9 miliyoni, ndipo mu 2018 MACRA inalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe. Kuyambira pamenepo dzina lanu, nkhope yanu, nambala yanu ndi ndalama zanu zinamangidwa mtolo umodzi. Mukabwereketsa chiphaso kuti wina alembetsere nambala yake, chilichonse chimene nambalayo idzachite chidzaloza kwa inu. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, ndipo udindo woliyang'anira unaperekedwa kwa MACRA. Ndi chiyambi chabwino. Koma lamulo limabwera zinthu zitaonongeka kale. Chimene chingapulumutse ndalama za mayi wa ku Namwera m'mphindi zisanu zimene wakuba akumufulumizitsa ndi chizolowezi chimene Surah Al-Hujurat, ayah 6, inatiphunzitsa: kufufuza nkhani tisanaichitepo kanthu. Dulani foniyo, imbirani mwini katundu, ndipo funsani munthu wachitatu.

Pamene mtima wanga umawawa kwambiri ndi pa banja. Talaq ya pa WhatsApp si nthano ya kumayiko ena, ili pakati pathu. Mwamuna wapsa mtima usiku ku Cape Town, walemba mawu awiri, watumiza. Mkazi ali ku Malindi ndi ana atatu, wawerenga m'mawa akusonkha moto. Alibe womufunsa, ndipo mwamunayo wamutsekera nambala. Kapena mwamunayo wafufuta uthengawo n'kumati sanalembe kanthu. Kodi mayiyu ndi wapabanja kapena ayi? Edda yake yayamba liti? Ndani adyetse ana?

Maulama anakamba za talaq yolemba kalekale mafoni asanabwere. M'madh-hab a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife timatsatira, talaq yolemba imadalira niya ya wolembayo. Kulemba kokha popanda cholinga chosudzula sikuthetsa banja. Koma taonani vuto lake pa foni. Choyamba payenera kutsimikizika kuti analemba ndi mwamunayo, osati mnzake, mlongo wake kapena mkazi wina amene anatola foni. Kenako iye ayenera kunena chimene chinali mumtima mwake, ndipo munthuyo ali kutali, sakuyankha. Choncho mkazi amene walandira uthenga wotere asadziweruzire yekha, ndipo asafufute kanthu. Apite nawo kwa ankhoswe ndi kwa sheikh wodziwa, iwo amuyankhulitse mwamunayo ena akumva.

Amuna anzanga, tiyeni tiwerenge Surah At-Talaq tisanagwire foni. Ayah zake zoyambirira zikukamba za nthawi yoyenera yosudzulira, kuwerengera edda, kusamutulutsa mkazi m'nyumba, kukhala naye kapena kusiyana naye mwaubwino, ndi kuika mboni ziwiri zolungama. Maulama anasiyana ngati mbonizo ndi zokakamiza kapena zongokondedwa, koma palibe anati n'zopanda ntchito. Dongosolo lonselo linaikidwa kuti mkwiyo upeze nthawi yozizira. Munthu ukanyamuka kupita kwa ankhoswe, pofika mtima watsikako, ndipo mawu ena sungawanene pamaso pa amalume. Foni ilibe mtunda woti uyende. Chala chimathamanga kuposa nzeru.

Maiko ena analimbana nalo kale vutoli. Ku India, bwalo lalikulu linathetsa mu 2017 mchitidwe wopereka talaq zitatu nthawi imodzi, ndipo lamulo la mu 2019 linatchula poyera kuti ngakhale yoperekedwa kudzera pa makina ndi mlandu. Ku Saudi Arabia anatenga njira ina: kuyambira mu January 2019 makhoti amatumiza uthenga pa foni ya mkazi banja lake likathetsedwa, kuti asasudzulidwe iye osadziwa. Foni yomweyo, koma apa yagwira ntchito yoteteza. Kuno kwathu lamulo la maukwati la mu 2015 limazindikira ukwati wa chipembedzo mofanana ndi maukwati ena, ndipo mkazi akhoza kukadandaula kukhoti za chisamaliro cha ana ndi katundu. Komatu kumeneko adzafunsa umboni. Mizikiti ingati m'midzi mwathu imene ili ndi buku lolembamo nikah ndi talaq, lokhala ndi tsiku, mahar ndi maina a mboni? Buku lotere ndi lotsika mtengo kuposa bandulo ya mwezi umodzi.

Ndi nikah chimodzimodzi. Mnyamata amene sangathe kubwera sayenera kumangitsa banja mwachidule pa vidiyo imene ikudukaduka. Shariah inapereka kale njira ya wakili, munthu amene amamuimirira pamaso pa walii ndi mboni, onse ali malo amodzi.

Wina anganene kuti masiku ano maso achuluka kuposa kale, nanga mboni zasowa bwanji? Zoonadi maso achuluka. Mkazi akapita kumsika atavala bwino, chithunzi chake chafika kale ku Joni kuchokera kwa alamu ake. Mwamuna akaoneka kuti ali pa intaneti pakati pa usiku, mafunso ayamba. Screenshot yodulidwa mutu ndi mchira imazungulira banja lonse. Koma amenewa si mboni. Mboni imadziwika ndi mbali zonse ziwiri, imaona chinthu chonse, ndipo imaimirira kuyankha mafunso ikaitanidwa. Wojambula mobisa n'kutumiza ndi kazitape, ndipo Surah Al-Hujurat, ayah 12, inaika pamodzi kuganizirana zoipa, kufufuzana ndi miseche, n'kuziletsa zonse. Mabanja ambiri a ku Joni sakutha chifukwa cha zimene zinachitika, akutha chifukwa cha zimene wina anatumiza. Ndipo amene amabwezera pofalitsa zithunzi zachinsinsi za mkazi amene wasiyana naye adziwe kuti, kuwonjezera pa tchimo, lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limalanga kuzunza munthu kudzera pa makina.

Pali zinanso zimene maso a anthu ankatitchinjiriza nazo. Kale wofuna juga ankayenera kulowa pakhomo loonekera, ndipo mwana wa Chisilamu ankachita manyazi. Lero kubetcha kuli m'thumba, ndipo munthu akhoza kutaya ndalama ya fizi atakhala pakhonde la mzikiti kudikira Isha. Ngongole za pa foni nazo sizifuna kuti uyang'ane munthu kumaso: wadina, yalowa, ndipo chowonjezera chake amadula okha. Musanadine, funsani sheikh wanu za chowonjezeracho, chifukwa kusintha dzina sikusintha riba. Pa zinthu ziwirizi palibe nkhoswe angaone. Chotsala ndi kudziwa kuti Allah akuona, ndipo chimenecho chimaphunzitsidwa kunyumba mwana asanagwire foni yake yoyamba.

Kunena zoona, mboni imodzi ilipo imene siiwala kanthu, ndiyo kampani. Imadziwa amene mumamuimbira, amene amakutumizirani ndalama, tsiku limene zimafika ndi liwiro limene zimathera. Ndi mbiri imeneyi imene amayezera kuti akukongozeni zingati. Koma mboni imeneyi imasungira zofuna zake, ndipo monga taonera, imadziwa kuchuluka kwa ndalama osadziwa pangano lake.

Chosangalatsa n'chakuti njira yobwezera mboni tikuidziwa kale. Taonani zimene timachita pakagwa maliro ku Joni kapena pomanga mzikiti. Gulu la pa WhatsApp limatsegulidwa, aliyense akasonkha dzina lake ndi ndalama yake zimalembedwa onse akuona, ndipo msungichuma amaonetsa zimene zagulidwa. Mikangano imachepa chifukwa zonse zili poyera. Nanga chimatiletsa n'chiyani kuchita zomwezo pa nyumba imene tikumangitsa kapena ngongole ya pachibale? Gulu la anthu anayi lakwana: wotumiza, wolandira ndi akuluakulu awiri amene onse amawakhulupirira. Ndalama ikapita, palembedwe kuti ndi zingati, za chiyani, ndipo ngati ndi ngongole, yobweza liti. Wosadziwa kulemba anene ndi mawu ake. Kenako wina akopere m'kope, chifukwa mafoni amagwera m'nyanja. Ndikudziwa chimene chimavuta: wolandira amati, "Ndiye kuti simukundikhulupirira?" Yankho lake n'losavuta. Amene analamula kulemba ngongole ndi Allah, ndipo anawalamula anthu amene anali okhulupirika kuposa ife, maswahaba a Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye.

Nkhaniyi imafika pachimake tsiku la imfa. Pa maliro athu pamalengezedwa kuti amene malemu anali naye ngongole, kapena amene anakongola kwa malemu, aonane ndi akubanja. Timatero chifukwa Surah An-Nisa, ayah 11 ndi 12, ikuika kubweza ngongole ndi kukwaniritsa wasiya patsogolo pa kugawa chuma. Kale mkazi wamasiye ankadziwa pamene pali kope la mwamuna wake, ndipo anzake a malonda ankadziwika. Lero zonse zili m'foni yokhoma. M'menemo muli ndalama zotsala, ngongole ya kampani, maina a amene anatenga usipa osalipira, ndi ndalama za anthu ena zimene malemu anangosungitsidwa ngati amana. Pini wapita nayo kumanda. Amene anakongola kwa iye akhoza kungokhala chete, ndipo amene anamusungitsa ndalama alibe choonetsa.

Makampani ali ndi njira yoti abale atengere ndalama za malemu, koma imafuna chiphaso cha imfa ndi makalata otsimikizira amene ali woyenera kulandira, ndipo zimenezi zimatenga nthawi, makamaka munthu akafera kunja. Sindikunena kuti tizigawira anthu pini tili moyo. Ndikunena za wasiya wolembedwa, wosungidwa kwa munthu wodalirika, wotchula manambala onse amene muli ndalama, amene tili nawo ngongole ndi amene anatisungitsa zawo. Ndipo akubanja asazengereze kuyamba kutsata zimenezi pamene mayi ali pa edda, chifukwa nambala ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito kampani imaitseka, kenako imadzaipereka kwa munthu wina.